Duwa lachikasu lomwe linabisala pakati pa abale ake ku Montana

Kumapiri ndi m'zigwa za kumadzulo kwa Montana, m'dziko la America, kuli chomera china chomwe chinalanda malo ambiri anthu asanachizindikire. Sichimera kobisika ayi. Chili m'mbali mwa misewu, m'misipu ya ng'ombe, m'minda yomwe eni ake anasiya kulima, ndipo Juni akafika chimachita maluwa achikasu oti munthu amawaona ngakhale ali m'galimoto. Chimene chinachiteteza n'chakuti kuno kuli zomera zina za mtundu womwewo, zachikhalire, zomwe zimafanana nacho kwambiri. Woweta ng'ombe ankachiona n'kumangodutsa, poganiza kuti ndi duwa lomwe lija agogo ake analipeza. Mmene anthu ankadzidzimuka, n'kuti chitadzaza kale mapiri.

Akatswiri a zomera amachitcha Potentilla recta, dzina lomwe Carl Linnaeus anachipatsa mu 1753. Anthu wamba kuno amati sulfur cinquefoil. Kwawo ndi kumwera ndi kum'mawa kwa Europe mpaka kukalowa ku Asia. Chinapezeka ku Ontario, m'dziko la Canada, chaka cha 1900 chisanafike, ndipo pofika zaka za m'ma 1950 chinali chitakhazikika kum'mawa kwa Canada, kumpoto chakum'mawa kwa America ndi m'madera ozungulira nyanja zikuluzikulu za Great Lakes. Ku Montana anachitola koyamba mu 1947 ku Ravalli County, komwe kuli chigwa cha Bitterroot. Lero chili pa mndandanda wa boma la Montana wa zomera zowononga, m'gulu la 2B, lomwe ndi la zomera zomwe zafalikira kale m'madera ambiri moti palibenso amene akulota zozithetseratu. Chomwe chatsala n'kuzitchinga kuti zisapitirire.

Ine ndinachidziwa nditalowa m'gulu la anthu ongodzipereka amene amakazula zomera zowononga m'mapiri ozungulira tauni ya Missoula. Amene ankatiphunzitsa anali mayi wina wachikulire, wodekha, amene sankalola munthu kugwira fosholo asanasonyeze kuti akudziwa chimene akufuna kukumba. Mawu awo anali amodzimodzi kwa aliyense wobwera kumene: "Gwadani kaye. Chomerachi simungachidziwe muli chiimire." Ndipo n'zoona. Zonse zomwe zimasiyanitsa chobwerachi ndi m'bale wake wachikhalire, Potentilla gracilis, ndi zazing'ono zoti muzione mphuno ili pafupi ndi tsinde.

Kaimidwe ka Potentilla recta nkotere. Kuchokera pa muzu umodzi pamatuluka tsinde limodzi kapena angapo, owongoka, otalika masentimita 30 mpaka 70, opanda nthambi m'munsi, koma ogawikana kumtunda komwe kuli maluwa. Tsamba lililonse ndi logawikana timasamba 5 mpaka 7 tochokera pamalo amodzi, tamanomano m'mbali. Aliyense wochokera kwathu akaliona koyamba amayamba waseka, chifukwa limaoneka ngati tsamba la chamba, ndipo ngakhale anthu a kuno amafunsa funso lomwelo. Koma ubale palibe. Timasamba ta chamba ndi tatitali, tosongoka kunsonga, ndipo fungo lake silibisika. Ta cinquefoil ndi tafupi, totambalala chakumapeto, taubweya, topanda fungo, ndipo chamba sichichita maluwa achikasu otambasuka chonchi.

Ubweyawo ndiye poyambira. Thyolani tsinde limodzi mulikweze m'mwamba kuti kumbuyo kwake kukhale kuwala kwa thambo. Pa Potentilla recta mudzaona ubweya wautali, wina wofika mamilimita 6, wowongoka, woima chopingasa ndi tsinde, uliwonse pawokha, wonyezimira pang'ono dzuwa likaumenya. Mukayang'anitsitsa, pansi pa wautaliwo pali wina waufupi kwambiri, wothithikana. Tsinde lonse limaoneka ngati lazunguliridwa ndi kachifunga. Ubweya womwewo uli pa mapesi a masamba mpaka pa zikamba zobiriwira zomwe zimakuta duwa lisanatseguke. Pa Potentilla gracilis ubweya ndi waufupi ndipo nthawi zambiri umagona motsata tsinde, moti mukalikweza chimodzimodzi m'mbali mwake mumaoneka mosalala. Munthu akaona kusiyana kumeneku kamodzi ndi maso ake, sakuiwalanso.

Kenako tembenuzani tsamba. Lobwerali ndi lobiriwira mbali zonse ziwiri, kubiriwira kopita ku chikasu, ndipo kunsi kumangotuwa pang'ono. La gracilis nthawi zambiri ndi lobiriwira kwambiri pamwamba koma loyera kunsi chifukwa cha ubweya wofewa wolukana. Apa mpofunika kusamala, chifukwa gracilis ali ndi mitundu ingapo ndipo ina kunsi kwake n'kobiriwira ndithu. N'chifukwa chake chizindikiro chimodzi sichikwanira. Onaninso kumene masamba ali. Chobwerachi chimanyamula masamba ambiri pa tsinde lenilenilo, kuyambira pansi mpaka pafupi ndi maluwa, ndipo pa nthawi ya maluwa m'munsi mumakhala masamba ochepa. Gracilis amaunjika masamba ake pansi, pa mapesi ataliatali ochokera pa muzu, ndipo tsinde lamaluwa limakwera lili ndi timasamba tochepa.

Duwa ndi limene anthu amathamangira, koma ndi limene limanyenga kwambiri. Onse awiri ali ndi timasamba ta duwa 5, ndipo kumbuyo kwake kuli zikamba zobiriwira 5 ndi tina ting'onoting'ono 5 tolowa m'mipata yake. Duwa la recta ndi lalikulu masentimita 1.5 mpaka 2.5, lachikasu chotuwa ngati cha sulufule, lakuya pang'ono pakati, ndipo kansonga ka tsamba lililonse la duwa ndi kolowa m'kati. La gracilis ndi lachikasu chowala. Vuto n'lakuti masana dzuwa likaswa mtengo chikasu chilichonse chimaoneka chotuwa, ndipo duwa lomwe latsala pang'ono kufota limasuluka. Muyenera kukhala ndi onse awiri m'manja kuti diso liphunzire. Amene ali ndi kagalasi kokulitsira zinthu amawerenga timitengo tonyamula mungu pakati pa duwa: recta amakhala nato 25 kapena kupitirira, gracilis pafupifupi 20.

Umboni womaliza uli m'njere, ndipo kwa ine ndi wokongola kuposa wina uliwonse. Chakumapeto kwa Julayi maluwa akauma, kamutu kalikonse kamasanduka kachikho kofiirira kodzaza njere. Fikisani kamodzi pachikhatho, muuzire mankhusu. Zotsalazo ndi tinjere toposa pang'ono milimita imodzi, toderako, topindika mbali imodzi. Pansi pa kagalasi, njere ya recta ili ndi mizere yotukuka, yotuwa, yolumikizana pa khungu lonse, ndipo m'mphepete mwake muli kamzere kopyapyala. Ya gracilis ndi yosalala. Nthawi ya chilimwe ikatha, masamba atafota ndipo mtundu wa duwa kulibe, njere ndi ubweya wotsalira pa mapesi ouma ndi zomwe zimakuuzani zoona.

Pali abale ena amene savuta kwenikweni. Potentilla norvegica ali ndi timasamba 3 tokha. Potentilla argentea, yemwenso ndi wobwera, ndi wamfupi ndipo kunsi kwa tsamba n'koyera mbee. Wina amene kale ankaikidwa m'gulu lomweli, Drymocallis glandulosa, timasamba take timandandalika mbali ziwiri za phesi ndipo tsinde lake limamata m'manja.

Ena amafunsa kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani, poti zonse ndi maluwa akutchire. Ine funsoli limandikhudza, chifukwa ndinaonapo malo otsetsereka pomwe munthu wina wa mtima wabwino anapopera mankhwala n'kupha gracilis yense, kusiya dothi lili pamtunda, pomwe recta anali mamita ochepa kutsidya kwa mpanda akudikira. Gracilis ndi mbali ya msipu wa kuno kuyambira kalekale, njuchi zakutchire zimam'dziwa, ndipo amamera mosakanikirana ndi udzu popanda kuupitikitsa. Kumupha n'kutsegulira khomo mlendo uja. Kulakwitsa kwa mbali inayo nakonso n'koopsa: mwini malo amasiya recta zaka zambiri pomuyesa wachikhalire, mpaka tsiku lina amazindikira kuti msipu umene unkadyetsa ng'ombe mwezi wathunthu tsopano zikuumaliza m'masabata awiri.

Malo amene chimayambira ndi aja dothi lake linasokonezedwa. M'mbali mwa misewu ndi njanji, pamene anadula mitengo yonse, pansi pa nthambo zamagetsi, m'minda yakale, m'misipu yomwe ziweto zinadya mopitirira muyeso. Chimakonda dzuwa, ndipo m'nkhalango yothithikana simuchipeza, koma m'nkhalango ya ponderosa pine, momwe mitengo imatalikirana kuwala n'kumafika pansi, chimalowa bwinobwino. Sichisankha dothi kwenikweni. Chimamera pa mchenga, pa miyala, ngakhale pa dongo, bola pasakhale madzi odikha. M'minda ya tirigu yomwe imalimidwa chaka ndi chaka mulibe vuto, chifukwa pulawo imadula muzu wake chisanakhazikike. Kunja kwa Montana chafala ku Idaho, kum'mawa kwa Washington, kumpoto chakum'mawa kwa Oregon, ndi m'zigwa zouma za kumwera kwa British Columbia monga Okanagan ndi East Kootenay.

Chikanakhala kuti chimathera m'malo owonongekawo, bwenzi nkhani yake ili yaing'ono. Chimene chimadetsa nkhawa akatswiri n'chakuti chimalowanso m'misipu yachilengedwe yomwe sinalimidwepo, ya udzu wa bluebunch wheatgrass, Idaho fescue ndi rough fescue. Udzu umenewu umamera m'ziputu zotalikirana, ndipo pakati pa ziputuzo pamakhala mipata yomwe m'nyengo yamasika mumadzaza maluwa osiyanasiyana. M'mipata imeneyi ndi momwe njere ya recta imagwera. Pafupi ndi tauni ya Eureka, m'chigwa cha Tobacco Valley kumalire ndi Canada, kuli malo otetezedwa otchedwa Dancing Prairie, a bungwe la The Nature Conservancy. Kumeneko kumamera duwa losowa lotchedwa Spalding's catchfly, lomwe boma la America linaliika pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo mu 2001, ndipo recta analowa m'msipu womwewo. Katswiri wa zomera Peter Lesica anafufuza kumeneko ngati moto ungathandize, ndipo anapeza kuti pamalo otenthedwa mbande za recta zinamera zambiri m'chaka chotsatira. Ife amene tinakulira kumene tchire limatenthedwa chaka chilichonse timafulumira kuganiza kuti moto umayeretsa zonse. Pa chomera ichi moto umangotentha za pamwamba, muzu n'kutsala wamoyo, ndiponso umakonzera njere malo.

Muzuwo ndi woyenera kuuona. Mukakumba chomera chachikulire mumapeza muzu umodzi wolimba ngati mtengo, wakuda kunja, wolowa pansi molunjika, ndipo pamutu pake pali mfundo yokhuthala pomwe matsinde amaphukira chaka ndi chaka. Sichiyala mizu yoyenda pansi n'kukatulukira kwina. Koma chikamakalamba, pakati pa mfundoyo pamawola, mphukira zatsopano n'kumatuluka m'mbali, moti mumapeza matsinde ataima mozungulira, pakati pali mphako. Mukadula muzu mopingasa ndi mpeni wakuthwa mumaona mizere yozungulira, ndipo ofufuza a ku Oregon anawerenga mizere yotere n'kupeza zomera za zaka 10. Kukoka ndi manja sikuthandiza. Tsinde limaduka pamutu pa muzu, inu n'kumanyadira mtolo womwe mwanyamula, koma pakapita milungu yochepa pamalo pomwepo pabiriwiranso. Kutchetcha nakonso kumangochichedwetsa.

Mphamvu yake ina ili m'kukoma kwake, kapena tinene kusakoma. M'masamba ndi m'tsinde muli tannin wambiri, chinthu chomwe chija chimawawitsa tiyi wowira mopitirira. Ng'ombe zimachilambalala n'kumadya udzu wozungulira. Chaka chilichonse udzu umametedwa, pomwe recta amaima osakhudzidwa, kuchita maluwa, n'kugwetsa njere zoposa 1,000 pa chomera chimodzi, zina kufika masauzande angapo. Zambiri zimagwera pafupi ndi mayi wake, n'chifukwa chake chimakula ngati chigamba chomwe chimatambasuka pang'onopang'ono. Zina zimayenda ndi matayala, matope a kuziboda, ubweya wa nyama ndi udzu wouma wodyetsa ziweto. Agwape amadya mitu ya njere m'nyengo yozizira n'kukazitaya kutali. Nkhosa ndi mbuzi zimadya maluwa ake mosanyinyirika, ndipo alimi ena amazilowetsa m'msipu pa nthawi ya maluwa kuti njere zichepe. Zimathandiza, koma zomera zakale sizifa nazo.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene imandipatsa maganizo nthawi zonse. Kwa zaka zambiri mdani wamkulu wa misipu ya kumadzulo kwa Montana anali spotted knapweed, chomera cha maluwa ofiirira chomwenso chinachokera ku Europe. Aliyense ankachidziwa chifukwa sichinkavuta kuchizindikira. Boma ndi alimi anathira ndalama zambiri polimbana nacho. Anabweretsa tizilombo ta kwawo komwe todya mizu ndi njere zake, monga kachikumbu kotchedwa Cyphocleonus achates, ndipo anapopera mankhwala. Amodzi mwa mankhwala amene amapha knapweed bwino, a clopyralid, sachita kanthu pa recta. Tizilombo tija natonso sitimukhudza. Ndiye m'malo ena knapweed atachepa, chomwe chinadzaza mipata sichinali udzu wachilengedwe koma recta, amene anali pomwepo kale, pansi pa knapweed, osawerengedwa. Mwini malo ankaona kuti kufiira kwachoka n'kumati wapambana, osadziwa kuti chikasu chomwe chabwera ndi vuto lina lovuta kuposa loyambalo.

Tizilombo todya recta sanabweretse, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Chomerachi chili m'banja la Rosaceae, limodzi ndi maapozi, mapichesi ndi maluwa a rozi, ndipo mwa mbewu zolimidwa za m'banjamo m'bale wake wapafupi kwambiri ndi sitiroberi. Kachilombo kamene kangadye recta kangathenso kutembenukira ku minda ya sitiroberi kapena kwa gracilis ndi abale ake ambiri achikhalire. Ubale womwe unachibisa kwa anthu ndi umenenso ukuchiteteza ku njira imeneyi.

Ndikamaganiza za kwathu, ndimaona kuti zomera zobwera zimene timazidziwa ndi zija zimadzionetsera. Namasupuni pa mtsinje wa Shire palibe angamusokoneze ndi china, ndipo aliyense amadziwa mmene zomera za m'madzi zimatsekera makina amagetsi ku Nkula. Koma pa phiri la Zomba pali zipatso zachikasu zija ana amagulitsa m'mbali mwa msewu pamodzi ndi sitiroberi. Chitsamba chake chaminga, Rubus ellipticus, n'cha banja lomweli la Rosaceae, chinachokera ku Asia, ndipo chafalikira ku Zomba ndi ku Mulanje mpaka ambiri timachiyesa chathu. Sindikunena kuti ana asiye kugulitsa zipatsozo. Ndikungoti chomera chikazolowereka, funso loti chinachokera kuti ndipo chinachotsa chiyani pamalo pomwe chaimapo limasiya kufunsidwa.

Abale athu a ku Britain angadabwe kumva zonsezi, chifukwa kumeneko Potentilla recta ndi duwa la pabwalo. Amagulitsa mtundu wake wotchedwa 'Warrenii', wa maluwa achikasu chowala, ndipo nthawi zina chimathawa m'minda yamaluwa n'kumamera m'malo otayidwa, m'mbali mwa misewu ndi njanji, koma sichilanda malo ngati kuno. Ngati mwaona chomera cha timasamba 5 chikuyanga pansi m'kapinga ku Leeds kapena ku Luton, chikuzika mizu paliponse pomwe mfundo yakhudza dothi, duwa limodzi pa phesi lililonse, chimenecho ndi Potentilla reptans, chachikhalire kumeneko. Recta sayanga. Amaima chilili. Koma musatumize njere zake kwa m'bale wa ku America kapena Canada chifukwa choti n'zokongola, pakuti m'madera angapo kumeneko lamulo limachitenga ngati chomera chowononga.

Amene wapeza kachigamba kakang'ono pamalo pake ali ndi mwayi, chifukwa pamenepo fosholo ikadali ndi mphamvu. Nthawi yabwino ndi Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, dothi likadali lonyowa, maluwa asanakhwimitse njere. Tsimikizani kaye ndi zizindikiro zosachepera zitatu, ubweya, kunsi kwa tsamba ndi kumene masamba ali, ndipo ngati pali gracilis pafupi muikeni chizindikiro kuti wina asamukumbe. Lowetsani fosholo chakumbali, mozama, mutukule mfundo yonse ya pamutu pa muzu pamodzi ndi muzu wautali mmene mungathere. Ngati maluwa ayamba kale kuuma, dulani mitu kaye muike m'thumba musanagwedeze chomeracho, ndipo thumbalo lisatayidwe pa dzala la manyowa. Pamene chadzaza mahekitala, alimi amagwiritsa ntchito mankhwala a aminopyralid kapena picloram, koma amenewa amaphanso maluwa achilengedwe a masamba otambalala, choncho m'msipu wabwino amapopera chomera chimodzichimodzi. Njere zotsala m'dothi zimamerabe kwa zaka zingapo, ndiye malowo ndi oyenderedwa nyengo yamasika iliyonse. Dzenje lomwe fosholo yasiya lisakhale lopanda kanthu. Kuno timalikwirira, kulipondaponda, ndipo chakumapeto kwa Okutobala, chisanu chisanaumitse nthaka, timafesapo njere za bluebunch wheatgrass.